Mmene mungatsatire kutalika kwa mwana ndi kuzindikira ngati vuto lili m'mahomoni a ku ubongo

Kusikelo ambiri a ife timayang'ana chinthu chimodzi, ndicho kulemera kwa mwana. Akampachika pa sikelo, muvi n'kusonyeza kuti wawonjezera, mayi amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndipo mwanayo akakwanitsa zaka 5 kabuku kake kamalowa m'chikwama osatulukanso kufikira tsiku limene wadwala malungo. Kutalika sitikulabadira kwenikweni, chonsecho ndi kutalika kumene kumaulula msanga ngati tiziwalo tiwiri ta pansi pa ubongo, totchedwa hypothalamus ndi pituitary, tikugwira bwino ntchito yake. Vuto la tiziwalo timeneti silibwera ndi kutentha thupi kapena kutsegula m'mimba. Limabwera mwakachetechete, mwana n'kumavala yunifolomu imodzimodzi zaka zitatu osamuthina, achibale n'kumangoti watengera agogo ake, ndipo pamene banja lidzadzidzimuke mafupa amakhala atatsala pang'ono kutseka, mankhwala amene akanathandiza osathandizanso. Chimene kholo liyenera kuchita sichilira ndalama: kuyeza msinkhu wa mwana molondola, kulemba, ndi kuyezanso pakatha miyezi 6. Koma kuti manambala amenewo akhale ndi tanthauzo, n'kofunika kudziwa kaye zimene zimachitika m'mutu ndi m'mafupa a mwana amene akukula.

Dziwani kaye amene amalamula kukula

Mukaloza chala pakati pa maso, pamwamba pa mphuno, n'kuyerekeza kuti chalacho chalowa mkati mpaka chapakati pa mutu, mwafika pamene pali pituitary. Ndi kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nsawawa, kolemera pafupifupi theka la galamu, kamene kamakhala m'kadzenje ka fupa la pansi pa chigaza ndipo kamalendewera ndi kaphesi kochokera ku mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus. Ntchito ya tiwiri timeneti ndi kutulutsa mahomoni, omwe ndi timadzi tonyamula uthenga toyenda m'magazi kukauza ziwalo zakutali zoyenera kuchita. Hypothalamus ndiyo imamva zimene zikuchitika m'thupi, kaya munthu wagona, wadya, ali ndi mantha kapena shuga watsika m'magazi, kenako imatumiza mahomoni ake kudzera m'timitsempha tatifupi ta magazi tolunjika ku mbali yakutsogolo ya pituitary. Geoffrey Harris wa ku England ndiye anasonyeza m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 kuti ulamulirowu umadzera m'timitsempha timeneti, ndipo Roger Guillemin ndi Andrew Schally, amene anasefa ubongo wa nkhosa ndi nkhumba zosawerengeka kuti apeze mahomoniwo, analandira mphoto ya Nobel mu 1977.

Pa nkhani ya kutalika, hypothalamus ili ndi mahomoni awiri okokana. Yotchedwa GHRH imauza pituitary kuti itulutse homoni yokulitsa thupi, imene madokotala amailemba mwachidule kuti GH, pamene inzake yotchedwa somatostatin imaiuza kuti ileke. Chifukwa cha kukokanaku GH situluka mosalekeza ngati madzi a pampopi, koma imatuluka mwa apo ndi apo, ndipo yochuluka imatuluka usiku mwana akangolowa m'tulo tofa nato. Masana imatha kutsika mpaka osaoneka n'komwe m'magazi a mwana wabwinobwino. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa tidzaifuna tikafika pa kuyeza magazi.

GH ikafika ku chiwindi imachichititsa kupanga homoni ina yotchedwa IGF-1, ndipo ziwirizi zimakagwira ntchito kumapeto kwa mafupa aatali a miyendo ndi mikono, kumene kuli kagawo ka chicherewecherewe komwe kamachulukana n'kumasanduka fupa. Malinga ngati kagawo kameneka kalipo mwana amatalikabe, koma kakauma n'kusanduka fupa lokhalokha kutalika kwatha, ndipo palibe jakisoni kapena chakudya chimene chingakabwezeretse.

Pituitary yomweyo imalamulanso ziwalo zina zimene zimakhudza msinkhu. Ndi homoni ya TSH imadzutsa kachiwalo ka pakhosi kamene kakatupa timati chithokomiro, ndipo popanda homoni ya chithokomiro mafupa ngakhalenso ubongo wa khanda sizikula bwino. Ndi ACTH imauza tiziwalo ta pamwamba pa impso kuti titulutse cortisol, yomwe thupi silingakhale popanda iyo koma ikachuluka imaimitsa kukula. Ndi LH ndi FSH imadzutsa machende a mnyamata ndi timatumba ta mazira ta mtsikana pa nthawi yotha msinkhu. Mbali yakumbuyo ya pituitary imasunga ADH, homoni yopangidwa mu hypothalamus imene imauza impso kuti zisataye madzi ambiri. Zonsezi zili m'kadzenje kamodzi, ndiye chifukwa chake chinthu chikavulaza malo amenewa zizindikiro zimatha kubwera zingapo nthawi imodzi.

Kuyeza kwake

Mwana wosakwana zaka 2 amayezedwa chogona, ndipo izi ndi bwino kuzisiyira a zaumoyo kusikelo, kumene kuli thabwa loyezera lokhala ndi chotsamira mutu ndi chokankhira mapazi. Inu ingowapemphani kuti ayeze utali, osati kulemera kokha, ndipo alembe m'kabuku. Kuyambira zaka 2 mwana amayezedwa choimirira, ndipo mutha kuchita nokha kunyumba.

Sankhani khoma lowongoka kapena chimango cha chitseko pamalo pamene pansi pali posalala, makamaka pa simenti, chifukwa pansi pozira ndi dothi pamakumbika ndi kusesa ndipo pakatha miyezi 6 pamakhala patasintha. Mwana avule nsapato ndi masokosi, ndipo ngati ndi mtsikana womanga tsitsi pamwamba pa mutu mumasule, kapena dikirani tsiku limene wamasula, pakuti tsitsi lomanga lingathe kuwonjezera masentimita awiri, amene ndi ochuluka zedi pa ntchito imeneyi. Aime mapazi ali pamodzi, zidendene, matako, mapewa ndi nkhongo zitagunda khoma, mawondo ali owongoka, maso akuyang'ana kutsogolo ndendende, osakweza chibwano. Ana amakonda kunyang'ama akaona kuti akuyezedwa, choncho wina agwire zidendene kuti zisachoke pansi. Tengani buku la chikuto cholimba, muliimike mbali imodzi itatsamira khoma, mulitsitse pang'onopang'ono mpaka likhudze pamwamba pa mutu ndi kupanikiza tsitsi, kenako lembani kamzere ndi pensulo pansi pa bukulo. Musagwiritse ntchito dzanja m'malo mwa buku, chifukwa dzanja limapendekeka. Mwana achoke, abwerenso, mumuyeze kachiwiri ndi kachitatu, ndipo ngati mizere itatuyo yatalikirana koposa theka la sentimita yambiraninso. Pomaliza yezani kuchokera pansi kufika pa kamzereko ndi tepi, ndipo ngati ndi tepi ya telala onetsetsani kuti sinatanuke ndi kukalamba. Lembani tsiku, mwezi, chaka ndi masentimita m'kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, osati pakhoma pokha, pakuti khoma amalipaka laimu.

Muziyeza nthawi yofanana ya tsiku, makamaka m'mawa, chifukwa munthu amakhala wamtali pafupifupi sentimita imodzi podzuka kusiyana ndi madzulo msana utapanikizika tsiku lonse. Musayeze mwezi uliwonse. Ana sakula mofanana sabata ndi sabata, ndipo kulakwitsa kwa tepi kumaposa kukula kwa mwezi umodzi, kotero mungangodzidetsa nkhawa pachabe. Miyezi 6 ndiyo nthawi yochepetsetsa yothandiza, ndipo chaka chathunthu chimanena zoona koposa.

Kuwerenga zimene mwapeza

Khanda lobadwa pa nthawi yake limakhala la masentimita pafupifupi 50. M'chaka choyamba limawonjezera pafupifupi 25, m'chaka chachiwiri pafupifupi 12, m'chachitatu pafupifupi 8, moti pofika zaka 4 ana ambiri amakhala atayandikira mita imodzi. Kuchokera pamenepo mpaka kutha msinkhu mwana amawonjezera masentimita 5 mpaka 7 pa chaka, ndipo amene akuwonjezera osakwana 4 pa chaka m'zaka zimenezi ayenera kuonedwa ndi dokotala ngakhale akuoneka wathanzi ndipo akudya bwino.

Chofunika kwambiri si kutalika kwa lero, koma liwiro la kukula. Tiyerekeze atsikana awiri a zaka 7. Woyamba mu Januwale anali wa masentimita 110 ndipo mu Julaye wafika 113. Wawonjezera 3 m'miyezi 6, kutanthauza 6 pa chaka, ndipo ngakhale ali wamfupi m'kalasi mwake pituitary yake ikugwira ntchito. Wachiwiri mu Januwale anali wa 116 ndipo mu Julaye wafika 117.5, ndi wamtali kuposa mnzake uja, palibe amene akumudandaula, koma liwiro lake ndi masentimita 3 okha pa chaka, ndipo ndi iyeyu amene ayenera kupita kuchipatala. Pa tchati cha kukula chimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa, mwana wamfupi amene akutsata mzere wake wa m'munsi chaka ndi chaka sadetsa nkhawa kwambiri ngati mwana amene akutsika kuchoka pa mzere wina kupita pa wina.

Kuti mudziwe ngati ufupi ndi wa kumtundu, phatikizani kutalika kwa bambo ndi kwa mayi, ndipo ngati mwana ndi wamwamuna onjezerani 13, ngati ndi wamkazi chotserani 13, kenako gawani pawiri. Bambo wa masentimita 170 ndi mayi wa 158 angayembekezere mwana wamwamuna wodzafika cha m'ma 170.5 ndi wamkazi wodzafika cha m'ma 157.5, kupitirira kapena kuperewera ndi masentimita 8 kapena 9. Komabe masamu amenewa tiziwatenga mosamala kuno kwathu, chifukwa makolo ambiri nawonso anapinimbira ali ana, ndipo kutalika kwawo si kumene magazi a mtundu wawo akanawapatsa akanadya mokwanira. Mawu akuti kwathu ndife aafupi abisa ana ambiri amene akanathandizidwa.

Yambani ndi chakudya ndi matenda musanaganizire za pituitary

Kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, pamene kusowa kwenikweni kwa GH kumapezeka mwa mwana mmodzi pa ana 4,000 mpaka 10,000. Mukaika manambala awiriwa pamodzi muona kuti mwana wamfupi amene mwakumana naye pamsewu ndi wachidziwikire kuti vuto lake lili m'mbale kapena m'mimba, osati m'mutu. Chodabwitsa n'chakuti mwana wonyentchera nthawi zambiri amakhala ndi GH yambiri m'magazi, osati yochepa. Chimene chimachitika n'chakuti chiwindi chikasowa zakudya zomanga thupi ndi zopatsa mphamvu chimaleka kumvera GH ndipo chimapanga IGF-1 yochepa, ngati mmisiri amene wamva lamulo la mwini nyumba koma alibe njerwa. Mwana wotere ngakhale mutam'baya GH yogula ndi ndalama zambiri sangatalike. Chimene akufuna ndi kuyamwitsidwa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, kenako phala lothira nsinjiro, usipa wosinja, mazira, nyemba, soya, mkaka, masamba ndi zipatso, pamodzi ndi mchere wa ayodini umene chithokomiro chimafuna kuti chipange homoni yake. Nthawi imene kupinimbira kumayamba kwambiri ndi masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufika pamene mwana wakwanitsa zaka 2.

Matenda okhalitsa amachitanso chimodzimodzi: HIV yosalandira mankhwala, chifuwa chachikulu, kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, njoka za m'mimba, kuchepa kwa magazi, matenda a sickle cell, a mtima ndi a impso. Tulo nato n'tofunika, pakuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafuna maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse. Madokotala adziwanso kwa zaka zambiri kuti mwana amene akuzunzidwa kapena kukhala mwamantha pakhomo amatha kuleka kutulutsa GH mokwanira, ndipo akamuchotsa pamalopo amayambanso kukula popanda mankhwala alionse, umene uli umboni wakuti hypothalamus imamvadi zimene mwana akukumana nazo.

Pali njira yachidule imene imathandiza kusiyanitsa. Mwana amene vuto lake ndi chakudya kapena matenda okhalitsa amayamba ndi kuonda, kutalika n'kutsalira pambuyo pake, choncho amakhala wamfupi ndi wowonda. Mwana amene vuto lake ndi mahomoni amaleka kutalika koma kulemera kukupitirira, choncho amakhala wamfupi ndi wonenepa. Mwana wojintcha amene sakutalika ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa, ngakhale kuti ndi iyeyo amene anthu amamuyamikira kuti akudya bwino.

Zizindikiro zoloza ku mahomoni

Mwana wosowa GH amakhala ndi thupi lolingana bwino, miyendo ndi mikono yosapunduka, koma amaoneka wamng'ono kwambiri poyerekeza ndi zaka zake. Nkhope imakhala yachikhanda, chipumi chotuluka, pamwamba pa mphuno pophwatalala, mafuta ataunjikana pamimba, mawu ang'onoang'ono, ndipo mano amachedwa kumera ndi kuguluka. Nzeru zake zimakhala zabwinobwino, ndipo m'kalasi amatha kukhala patsogolo. Amene anabadwa nalo vutoli kawirikawiri amabadwa ndi kulemera ndi utali wabwino, chifukwa m'mimba mwa mayi kukula sikudalira kwambiri GH, ndipo kutsalira kumayamba kuonekera pambuyo pake. Komabe pali zizindikiro za pa ukhanda zimene kholo liyenera kukumbukira ndi kuuza dokotala: kukomoka chifukwa cha kutsika kwa shuga m'magazi, chikasu chokhalitsa kupyola masabata awiri, ndi maliseche aang'ono kwambiri mwa mwana wamwamuna. Ena vutoli amalipeza atakula kale, pambuyo pa kuvulala kwambiri m'mutu, matenda oumitsa khosi, chifuwa chachikulu chimene chinafika ku ubongo, chithandizo cha khansa chowotcha ndi cheza kumutu, kapena chotupa chomera pafupi ndi pituitary.

Chotupa chimenechi, chimene mwa ana kawirikawiri chimakhala cha mtundu wotchedwa craniopharyngioma, ndicho chifukwa chake zizindikiro zina siziyenera kudikira miyezi 6. Mitsempha ya maso imapingasana pamwamba penipeni pa pituitary, choncho chotupa chikakula chimaipanikiza ndipo mwana amayamba kusaona zam'mbali, n'kumagunda zimango za zitseko kapena kudzidzimuka ndi njinga yodutsa pambali pake. Ngati mwana amene waleka kutalika akudandaula mutu pafupipafupi, akusanza m'mawa podzuka, maso akuvuta, kapena akumwa madzi osakhuta ndi kukodza kwambiri usana ndi usiku, pitani naye kuchipatala mwamsanga. Ludzu lotere lingakhale matenda a shuga, koma akayeza n'kupeza kuti shuga alibe musabwerere kunyumba mutakhutira, chifukwa kusowa kwa ADH kumabweretsa ludzu lomwelo ndi mkodzo woyera ngati madzi.

Kuchepa kwa homoni ya chithokomiro kumapezeka kawirikawiri kuposa kusowa kwa GH, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala m'chithokomiro momwemo osati mu pituitary. Khanda lotere limagona mopitirira muyeso, siliyamwa mwamphamvu, limadzimbidwa, limalira ndi mawu osasa, lilime limakhala lalikulu ndipo liwombo limachedwa kutseka. Anthu amaliyamikira kuti ndi mwana wofatsa, koma mwezi uliwonse umene ukudutsa popanda mankhwala ubongo wake ukuwonongeka kosabwerera, pamene kapiritsi kotchipa ka levothyroxine kakayambidwa m'masabata awiri oyamba mwanayo amakula ngati anzake. Mwa mwana wamkulu zizindikiro zake ndi kuzizidwa, khungu louma, ulesi, kudzimbidwa, kunenepa ndi kuleka kutalika.

Za cortisol, choyenera kuyang'ana choyamba si mutu wa mwana koma mankhwala amene ali m'nyumba. Mapiritsi a prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amawagula popanda kalata ya dokotala, komanso mafuta odzola okhala ndi betamethasone kapena clobetasol amene amapezeka m'mafuta ena oyeretsa khungu ndipo makolo ena amapaka ana pa ziwengo kwa miyezi yambiri, amagwira ntchito ngati cortisol. Mwana amanenepa nkhope n'kukhala yozungulira, mimba imakula, miyendo imaonda, ndipo kutalika kumaima. Mukazindikira zimenezi musamusiyitse mapiritsiwo mwadzidzidzi ngati wakhala akumwa kwa masabata angapo, chifukwa pituitary imakhala italeka kutulutsa ACTH poona kuti cortisol ndi yambiri kale, ndipo thupi likasiyidwa lopanda mankhwala komanso lopanda cortisol yake mwana akhoza kufooka mpaka kufa. Dokotala ndiye achepetse pang'onopang'ono. Izi sizikukhudza mankhwala opumira a mphumu amene dokotala walemba, omwe amachepetsa msinkhu pang'ono chabe poyerekeza ndi ngozi ya mphumu yosasamalidwa.

Nthawi yotha msinkhu

Kutha msinkhu kumayamba pamene hypothalamus iyamba kutulutsa homoni ya GnRH mwa apo ndi apo, poyamba usiku, pituitary n'kuyankha ndi LH ndi FSH. Mwa atsikana chizindikiro choyamba ndi kumera mabere, pakati pa zaka 8 ndi 13, ndipo mwa anyamata ndi kukula kwa machende, pakati pa zaka 9 ndi 14. Mahomoni a uchembere ndi a umuna amachulukitsa GH, ndiye mtsikana amatha kuwonjezera masentimita 8 pa chaka ndipo mnyamata 9 kapena 10, koma mahomoni omwewo ndiwo amatseka chicherewecherewe chija pomaliza. Mtsikana amakula mofulumira asanayambe kusamba, ndipo akayamba msambo amangotsala ndi masentimita 5 mpaka 7.

Pachifukwa chimenechi, mtsikana amene wayamba mabere asanakwane zaka 8, kapena mnyamata amene wayamba kusintha asanakwane zaka 9, ayenera kuonedwa. Amaoneka wamtali kuposa anzake lero, koma mafupa ake atseka msanga ndipo adzakhala wamkulu wamfupi, komanso mwa anyamata makamaka kufulumira kotere kumatha kukhala chizindikiro cha vuto mu ubongo. Mbali inayo, mtsikana amene wafika zaka 13 opanda mabere kapena zaka 15 asanasambe, ndi mnyamata amene wafika zaka 14 osasintha, nawonso aonedwe. Ambiri a iwo, makamaka anyamata, amangokhala ochedwa mwachibadwa ngati mmene anachedwera bambo kapena mayi awo, ndipo amadzawapeza anzawo pambuyo pake, koma mtsikana wamfupi kwambiri amene sakutha msinkhu akhoza kukhala ndi Turner syndrome, vuto lobadwa nalo lopezeka mwa mtsikana mmodzi pa atsikana pafupifupi 2,500.

Popita kuchipatala

Tengani kabuku ka kusikelo ngakhale katang'ambika, manambala onse amene munalemba, kutalika kwa makolo onse awiri koyezedwa osati kongoganizira, zaka zimene mayi anayamba kusamba ndi zimene bambo anakula mofulumira, pamodzi ndi mabotolo ndi machubu a mankhwala onse amene mwana wakhala akumwa kapena kudzola, achikuda omwe. Yambirani pachipatala cha kwanu, kumene adzayamba ndi kufufuza zofala monga kuchepa kwa magazi, HIV, chifuwa chachikulu, njoka ndi mkodzo, ndipo musakhumudwe poona ngati akuzengereza, pakuti dongosolo loyenera ndi limenelo. Zimenezi zikapanda kufotokoza vuto, pemphani kalata yopita kwa dokotala wa ana ku chipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central.

Kumeneko chithunzi cha X-ray cha dzanja lamanzere chimasonyeza zaka za mafupa, ndiko kuti ngati mafupa a mwana wa zaka 10 akuoneka ngati a mwana wa zaka 7, komanso ngati malo okulira akadali otseguka. Magazi amayezedwa TSH ndi homoni ya chithokomiro, kenako IGF-1, yomwe sisinthasintha kwambiri pa tsiku ngakhale kuti imatsikanso mwa mwana wonyentchera. Wina akakuuzani kuti mulipire kuyeza GH ndi magazi otengedwa kamodzi masana, dziwani kuti zotsatira zake sizitanthauza kanthu, pa chifukwa chija chakuti GH imatuluka mwa apo ndi apo. Kuyeza koona kumachitika mwana atagonekedwa, atapatsidwa mankhwala odzutsa pituitary monga glucagon, clonidine kapena arginine, magazi n'kumatengedwa kangapo kwa maola angapo. Akatsimikiza kuti GH ndi yochepa amajambula ubongo ndi makina a MRI asanayambe chithandizo, pofuna kuona ngati palibe chotupa.

GH ndi puloteni, choncho ikamwedwa imagayidwa m'mimba ngati nyama, ndipo mapiritsi, ufa ndi zakumwa zotalikitsa zimene amatsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi njira yongotayira ndalama. Chithandizo chenicheni ndi jakisoni wa pansi pa khungu, kawirikawiri tsiku lililonse madzulo potsanzira mmene thupi limachitira, wosungidwa m'firiji, kwa zaka zambiri. Maurice Raben wa ku America ndiye anayamba kuthandiza wodwala ndi GH mu 1958, pogwiritsa ntchito yochotsedwa m'mitu ya anthu akufa, koma njira imeneyo inaletsedwa mu 1985 ena mwa olandira atadwala matenda oopsa a ubongo a Creutzfeldt-Jakob, ndipo chaka chomwecho GH yopangidwa m'fakitale inavomerezedwa. Mtengo wake ndi wokwera kulikonse. Katswiri wa mpira wamiyendo Lionel Messi anapezeka ndi vuto losowa GH ali ndi zaka pafupifupi 10 kwawo ku Rosario m'dziko la Argentina, ndipo chimodzi mwa zimene zinasamutsira banja lake ku Barcelona ali ndi zaka 13 chinali chakuti timu ya mpira ya kumeneko inavomera kulipira jakisoniyo. Lero ndi wa masentimita 170. Mwana wosowadi GH amatha kuwonjezera masentimita 10 kapena kuposerapo m'chaka choyamba cha chithandizo, ndipo amene wayamba ali wamng'ono amapindula koposa amene wayamba mafupa atatsala pang'ono kutseka.

Tepi yomweyo imagwiranso vuto la mbali inayo, ngakhale kuti ndi losowa kwambiri. Pituitary ikamatulutsa GH mopitirira muyeso mafupa asanatseke, mwana amatalika mosalekeza, monga Robert Wadlow wa ku Alton m'boma la Illinois ku America amene anamwalira mu 1940 ali ndi zaka 22 ndi msinkhu wa masentimita 272. Zikachitika mafupa atatseka kale munthu satalika, koma manja, mapazi, chibwano ndi lilime zimakula, matenda amene Pierre Marie wa ku France anawatcha acromegaly mu 1886. Choncho mwana amene akuwonjezera masentimita oposa anzake onse chaka ndi chaka asanayambe kutha msinkhu, makamaka ngati akutuluka thukuta kwambiri ndi kudandaula mutu, kapena wamkulu amene mphete yaukwati yayamba kumuthina ndipo nsapato akusintha saizi ali ndi zaka 35, apite akayezedwe IGF-1 ndi kujambulidwa mutu.